Mbale Zanu Zitatu ndi Mchenga wa Kunyanja

Amayi, kodi kumeneko mukupeza bwanji? Ife kuno tilipo, masiku tikukankha.

Ndalemba kuti mudziwe kuti Zainabu, chitsirizira wanu uja, wakwatiwa. Ashehe anamanga ukwatiwo Lachisanu lapitali, ndipo mwamunayo ndi msodzi waulemu wa ku Liwaladzi. Mpunga unachita bwino kudambo chaka chino, moti palibe mlendo anabwerera ndi njala. Zambiri zasintha chichokereni inu. Kumsika tikulowa popanda wotifunsa kadi ya chipani, ndipo paukwatipo amayi ovala zitenje za zipani zosiyana anakhala pamkeka umodzi osakangana. Denga la kukhitchini lokha ndilo silinasinthe, likudonthabe pomwe paja.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya mbale zanu zitatu zija, zamtengo wakuda zokhomedwa zigoba zonyezimira, zimene agogo anu anabwera nazo kuchokera kunyanja yamchere. Muli chigonere munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Asiyatu, mbale zija zidzatuluke paukwati wa Zainabu zonse zitatu, zikuwala." Mawu amenewo andilemera zaka ziwiri. Masiku ano pa Boma pakuyendayenda anthu ogula zinthu zakale, akuti amakagulitsa kwa azungu okonda kukongoletsa matebulo. Wina anafika mpaka pakhomo, ndipo ndinamuuza kuti kuno mbale ndi zapulasitiki zokhazokha. Mulungu andikhululukire bodzalo.

Ndiye Lachinayi m'mawa nditatsegula sutikesi yanu, ndinangopeza nsalu yokulungira. Maganizo anathamangira kwa achimwene a Yusufu kuti mwina azigulitsa, poti mukumudziwa mwana wanu, sakana munthu wolankhula mokoma. Ndinawafunsa mwaukali, iwo n'kungoyankha mosatekeseka kuti akazi awo apita nazo kunyanja.

Alamu angawa simunawaone. Ndi a Nasibeko a ku Benga, amene achimwene anakwatira chaka chatha, mkazi wakhama woti poto wakuda bii akamugwira mumadziwonerapo nkhope. Khama lomwelo ndilo linandithamangitsa. Ndinatsetsereka kunyanja wopanda nsapato, mpango uli kumanja, anthu akundiyang'ana ngati ndapenga. Ndinawapeza atagwada pakati pa amayi otsuka ziwiya, akukwecha mbale yaing'ono ija ndi mchenga wonyowa monga timachitira ndi mapoto onse. Zinazo zinali pambali, kudikira nthawi yake.

Ndinawalanda mbaleyo. Mbali imodzi inali itachita mbuu, ngati diso la nsomba yogona. Mkwiyo unandidzaza, Amayi, ndipo mawu amene anafika pakamwa panga akanatuluka, ine ndi alamu sitikanadyeranso pamodzi. Iwo misozi ili lengelenge anati amafuna kuti ndikadzuka ndipeze zikuwala, kuti nawonso aoneke ngati mwana wa pakhomo pano.

Ndinatembenuza mbale yaikulu kuti ndione ngati nayonso yakhudzidwa, ndipo maso anga anagwera pa zipsera zakale zija za m'mphepete. Mukuzidziwa. Ndine ndinazipanga ndili mwana, ndi mchenga womwewu, tsiku la Idi, pofuna kukusangalatsani. Simunandimenye. Munangoti, "Chigoba chinatuluka mumchenga, sichifuna kubwererako," kenaka munandionetsa madzi ofunda ndi kansalu kofewa. Ine amene ndinaphunzitsidwa chotero sindinaphunzitse aliyense. Ndinatsekera mbale m'sutikesi pamodzi ndi malangizo ake, n'kumayembekeza kuti mlendo alota yekha. Manyazi anandigwira, ndipo ndinakhala pansi pamchengapo pambali pawo.

Mbale yaing'ono ija tinapita nayo tonse awiri kwa Che Saidi, nkhalamba yokhoma ngalawa ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali, nati mchenga sunalowe kwambiri. Anakhala nayo mpaka masana akuipukuta ndi kachikopa kofewa ndi dontho la mafuta, uku akutiseka kuti akazi awiri akuluakulu tikulirira mbale ngati maliro. Pang'onopang'ono mitundu ija inabwerera, yobiriwira ndi yofiirira, kupatula kamalo kamodzi kakang'ono ngati chikhadabo. Ndinapuma mpweya umene ndikuona ngati ndinausunga kuyambira tsiku la maliro anu.

Lachisanu zinatuluka zonse zitatu, titayalamo masamba a nthochi monga munkachitira. Yaikulu inanyamula pilawu, yapakati chambo, yaing'ono zitumbuwa. Yaing'onoyo ndinapatsa alamu kuti ndiwo apereke kwa akuchimuna, ndipo anainyamula ndi manja awiri, chala chachikulu chitaphimba pachipsera. Ngakhale azakhali a Mwanaisha, ndi diso lawo losaphonya lija, sanaone kanthu. Anangoti mbale za malemu zikuwala ngati mwiniwake alipo. Zainabu analira, inenso sindinadzigwire.

Tsopano mbale ziwiri zili ndi zipsera, china changa, china cha alamu. Mawa lake tinazitsuka limodzi pakhonde ndi madzi ofunda, ndipo ndinawaonetsa changa chija.

Nkhani yomaliza ndi yoti alamu ndi oyembekezera. Achimwene akuti akabadwa wamkazi adzatenga dzina lanu. Ndikukulonjezani, Amayi, kuti ameneyo ndidzamuika kansalu kofewa m'manja asanadziwe njira yopita kunyanja.

Ndimakukondani, ndipo m'maduwa anga, ndikamapemphera, simusowa.

Ine mwana wanu,
Asiyatu