Apongozi Anatembenukira Kukhoma

Lachitatu, mwezi wa Okutobala. Kwatentha koopsa, koma mtima wanga wapepukako.

Lero ndinaperekeza apongozi anga aamuna ku chipatala cha odwala maganizo ku Lusaka, poti amuna anga ali ku migodi. Tinachoka ku Kasisi mamawa. Dokotala, munthu wa m'tauni, anati akalephera mafunso onse awagoneka komweko.

Anawafunsa tsiku la lero, sanadziwe. Anawafunsa dzina la Pulezidenti, chithunzi chake chili pakhoma pomwepo, iwo anangoseka. Kenaka dokotala anandiloza: "Nanga aba ni bandani? Bayang'aneni bwino."

Atate, apongozi angawo, anatembenukira kukhoma, chipewa chili m'manja. Dokotala anayamba kulemba kuti sakundizindikira. Ndinapsa mtima, koma ndisanatsegule pakamwa atate anayankhula kwa dokotalayo chapansipansi.

"Mwana wanga, unakulira kuti? Munthu sayang'ana bapongozi bake kumaso. Bapatse mpando, baimirira kwambiri."

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Awa ndi atate omwe dzulo anasochera pochokera kuchimbudzi. Miyezi yonseyi ndimawasambitsa mapazi ndi kuwamwetsa mankhwala iwo atayang'ana kumbali, ine n'kumaganiza kuti anandiiwala kalekale.

Dokotala anafufuta zimene analembazo natilola kubwerera. M'basi atate anakana kukhala pambali panga, anakakhala kumbuyo monga mwa nthawi zonse.

Dzina langa linawachoka, koma ulemu ulipo. Chimene ndikuopa tsopano ndi tsiku limene adzandiyang'ane m'maso, chifukwa tsiku limenelo ndidzadziwa kuti andiiwaladi.