Chipewa cha Achimwene Kumanda

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kunatentha kwambiri, koma mumtima sindikumva kanthu.

Funso la lero ndi ili: kodi mwambo wovula chipewa kumanda umamanganso munthu amene dzuwa limamudwalitsa?

Tinakaika maliro a amalume ku Chiparamba. Achimwene anga ndi achialubino, ndipo ali ndi chilonda chosapola pakhutu. Adokotala akukayikira kuti mwina ndi khansa ya pakhungu, choncho anawaletsa kukhala padzuwa opanda chipewa. Zotsatira za zimene anawayeza tikazitenga mawa.

Bokosi litafika kumanda, amuna tonse tinavula zipewa. Achimwene nawonso anavula.

Ndinawanong'oneza kuti, "Achimwene, valani. Palibe angakudzudzuleni."

Anayankha kuti, "Iwe, anthu amandiyang'ana kale. Ukufuna azinenanso kuti ndilibe ulemu?"

Akatekisiti anapitiriza mapemphero mpaka masana. Mafuta oteteza khungu amene anadzola m'mawa anali atatsika ndi thukuta. Ndinayesa kuwatchinga ndi thupi langa, koma mthunzi wa masana sufika pamutu pa mnzako. Khutu lija linafiira ine ndikuliyang'ana.

Sindinakwiyire aliyense, pakuti palibe anawauza kuti avule. Nanga lamulo limene palibe analinena, ndani angawamasule kwa ilo?