Alamu Asiya Kulankhula

Lolemba, 10 Novembala 2008

Alamu anga a Cuthbert agwa dzulo ku nazale ya fodya, keni yothirira ili m'manja. Akuti sitiroko. Mbali ya kumanja yafa, pakamwa papotoka, sakulankhula. Ndamva ndili pa mzere wa feteleza ku depoti, kwa mayi wina amene sankandidziwa. Ndati zachisoni. Kenako ndasendera kutsogolo, poti mzere unali utayenda.

Feteleza watha ndisanafike pa windo. Kuponi ndabwerera nayo.

Lachiwiri, 11 Novembala

Ndadzifufuza ngati ndili ndi chisoni. Sindinachipeze. Ndafufuzanso ngati ndakondwa, nakonso kulibe. Ndathirira nazale yanga basi.

Awa ndi munthu amene anaimirira pamanda a mng'ono wawo, amuna anga a Sankhani, n'kunena pamaso pa mudzi wonse kuti ine ndawadya. Achipatala anali atanena kuti ndi chifuwa chachikulu, koma achipatalawo pamandapo panalibe. Chiyambire tsiku limenelo ana a anthu akandiona amapatuka, ndipo ndikafika pa mjigo azimayi amasuntha ndowa zawo. Ubwino wake sindidikira madzi.

Zaka zonsezi ndakhala ndikukonza mawu odzawayankha tsiku limene adzabwere kudzapepesa. Ndi mawu abwino kwambiri. Ndimawayeserera polima.

Lachinayi, 13 Novembala

Awatulutsa kuchipatala ku Boma. Akuti zotsalazo n'zakunyumba.

Pa mjigo akunong'onezana kuti ndine ndawagwetsa. Ndikanakhala ndi mphamvu zoterozo, bwenzi feteleza ali m'nyumba muno.

Lachisanu, 14 Novembala

A Jenala, akazi awo, abwera masana. Aima kumapeto kwa bwalo nthawi yaitali, odi wake womveka ngati akupempha kuti ndisamve. Ndawayalira mphasa, iwo akhala pa dothi. Aonda. Akuti bambowo ndi owatembenuza, owasambitsa, zonse, ndipo ana ali kutali. Akuti mawu amene atsala m'kamwa mwawo ndi amodzi okha: pe, pe. Amatero kwinaku akuloza kuno ndi dzanja lamoyolo.

"Akuti pepani, mayi a Rute," atero a Jenala.

Ndawakumbutsa kuti dzina langa ndine Perpetua. Nalonso limayamba choncho. Mwina akundiloza kuti ndi uyo wandichita.

A Jenala atokosa pansi ndi kamtengo. Kenako akuti n'zothekadi, koma iwo anasankha kumva zabwinozo chifukwa ndi amene amagona nawo m'nyumba.

Sindinalonjeze kanthu.

Loweruka, 15 Novembala

Rute waimba kuchokera ku Boma. Akuti amayi musapiteko, akamwalira inu mutangochokako anthu adzati munapita kukamalizitsa. Ndati nanga ndikapanda kupita? Akuti adzati mukuopa ntchito za manja anu. Ndati ndiye nditani, mwana wanga? Mayunitsi amuthera pomwepo.

Lamulungu, 16 Novembala

Bambo mfumu abwera kutchalitchi kwathu lero, achinyamata aja a njinga yamoto. Pa Atate Athu, pofika paja pokhululukira otilakwira, ndatsokomola monga mwa masiku onse. Amene amakhala nane benchi limodzi anazolowera, amaganiza kuti ndi fumbi.

Polapa ndawafotokozera za pe, pe, ndi za mawu anga oyankhira aja. Ndati ine kukhululuka sindikukana, koma ndidziwe kaye kuti ndi pe uti. Alamuwo anandinyoza ndi mawu athunthu, pagulu. Andipepese bwanji ndi theka la liwu, pakhonde?

Andifunsa ngati ndikufuna kuti alamuwo achire. Ndati achire pakamwa pokha, kwinako ndi kwa Mulungu. Kuseri kwa nsalu kwamveka ngati nawonso fumbi lawalowa. Kenako andifunsa kuti, akamwalira asananene, mawu anga aja ndidzawasunga kuti? M'malo mondipatsa mapemphero oti ndinene, andituma kuti ndikawaone. Ndapempha kupemphera korona yathunthu m'malo mwake. Akana.

Lolemba, 17 Novembala

Mvula yagwa. Kubzala fodya tsiku lonse. Ngakhale Mulungu waona kuti mpata panalibe.

Lachiwiri, 18 Novembala

Mpata unalipo. Sindinapite.

Lachitatu, 19 Novembala

Ndapita. Anthu m'njira anapeza zifukwa zoimira panja. Wina amasesa pamalo posesa kale.

Ndawapeza pakhonde, atawatsamiritsa ku matumba. Munthu uja mawu ake ankamveka kutsidya kwa dambo, lero malovu akutsikira pa kolala, ntchentche zikuchita msonkhano. Atandiona ayamba: pe, pe. Diso limodzi likutuluka misozi, linalo lili phee. Ndatchera khutu kudikira chotsatira. Palibe.

Ndatsegula pakamwa kuti ndiyambe mawu anga aja. Chimene chatuluka ndi "Mwaswera bwanji, alamu?" Ena onsewo ndinawakonzera munthu woimirira.

Mutu wawo umayenda bwinobwino. Ndikanatha kuwafunsa kuti ngati ndi pepani agwedeze. Ndaliganizira funsolo, lafika pa lilime, ndalimeza. Akanapukusa ndikanatani, ndili kale pamphasa pawo? Ndangotenga kanthambi n'kumaingitsa ntchentche.

A Jenala akuti chakudya akukana. Akawapatsa amatseka mano.

Pobwerera ndakhala pansi pa chulu, ndalira pang'ono. Sindikudziwa kuti ndimalirira ndani. Mwina a Sankhani, poti mphumi ya alamuwo ndi yomwe ija.

Lachinayi, 20 Novembala

Ndaphika phala lothira nsinjiro, ndapita nalo m'kambale kovundikira. Sindinapemphere za izi, ndangopezeka ndikusinja mtedza.

Kunali alongo awo, a Feliya, ochokera ku Simlemba, ndi azimayi ena odzazonda. Nditavundukula mbale, a Feliya aimirira. Akuti achimwene awo sangadye za m'manja mwa ameneyu, mmodzi anapita kale. A Jenala ayang'ana pansi. Ine ndati palibe vuto, ndiyamba ndine kulawa onse akuona.

Ndatapa phala. Supuni isanafike pakamwa panga, alamu abuula ngati ng'ombe, n'kundigwira pamkono ndi dzanja lamanzere lija. Mphamvu zikadalimo. Ndinaganiza kuti akufuna kutaya. Akokera dzanja langa kwa iwo, maso ali pa a Feliya, n'kuyasamula pakamwa mbali yamoyoyo.

Theka la phala latsikira pa malaya. Ndawapukuta ndi nsonga ya chitenje changa, ndatapanso lina. Ameza movutikira, koma mbale yatha. A Feliya akhala pansi, akuti dzuwa lawapweteka mutu.

Pochoka a Jenala andiperekeza mpaka pamsewu, atandinyamulira mbale, anthu akuona. Pobwerera ndiye akuti bambowo amakonda phala lolimbirako pang'ono.

Ndati ndamva.