Jezi Yangayanga

Loweruka, kumapeto kwa Okutobala. Kwatentha, fumbi la ku City Centre lafika mpaka m'mano.

Timu yathu ya basiketibolo ya ku ofesi yandipatsa mphoto ya chaka: wosewera wapabenchi woposa onse. Digiri yanga yapeza ntchito tsopano. Ofesi yathu itasamuka ku Zomba tinabwera kuno ku likulu ndi majezi asanu okha, ndiye chaka chonse ndakhala ndikuvala ya amene watuluka m'bwalo, thukuta lake lili momwemo. Lero a Phiri, kaputeni wathu, andipatsa yangayanga.

"Achimwene, kudikira ndiye mumatha," atero. "Musasiye."

Anthu aseka. Inenso ndaseka, poti pamndandanda wa odikira nyumba za ku Area 11 ndilinso pabenchi. Wina atuluke kaye kuti ine ndilowe. Mkazi wanga Nabanda akadali ku Zomba, katundu anamanga mu Epulo. Kumeneko ankakhala kumbuyo kwanga pamasewera n'kumandinong'oneza kuti, "Abambo, musadandaule, wina abinya mwendo posachedwa."

Jeziyo ndaipachika pamsomali m'kachipinda kano ku Old Town, youma bwinobwino, palibe woiona. Ndayamba kumulembera kalata Nabanda, koma akangoona envulopu aganiza kuti nyumba yapezeka, ndiye...