Maluwa a pa Nyundo ya Bambo

Achemwali anga a Phulmani,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo la amayi likuti bwanji ndi mvulayi? Ine kuno ku Pune ndili bwino, kungoti anthu akuno ndiwo iliyonse amathira nsinjiro, ndiye ndikusowa kuphika kwanu.

Zomwe munandiuza pafoni zija zandikhala pamtima. Munati zikwakwa zosula bambo zayamba kuthyoka m'manja mwa alimi, poti maso awo sakuonanso bwino kufiira kwa chitsulo pamoto. Munatinso anena kuti chaka chino, tikaveka zipangizo maluwa pa tsiku la Vishwakarma, mulungu wa amisiri, a pa nyundo yawo sadzawachotsanso, ndiye kuti aleka kusula. Achemwali, ndinalira. Bambo opanda chipala chawo adzakhala ndani?

Mverani za kuntchito. Timawotcherera zitsulo za mathirakitala n'kuzilimbitsa ndi moto, koma zina zinkang'aluka. Abwana athu, Mayi Deshpande, anati tileke zolota. Tinadula tizidutswa, kalikonse n'kukapatsa zakezake: aka moto wambiri, ako wochepa, aka kukhalitsa m'ng'anjo, kena kuviika m'madzi, kena mu oyilo. Ine ndinadandaula kuti bambo anandiphunzitsa kusintha chinthu chimodzi pa nthawi. Abwanawo anaseka, ati ndi mayendedwe amenewo yankho lidzandipeza ndili ndi zidzukulu. Tinathyola tizidutswa tonse pamakina, kompyuta n'kuwerengera chomwe chikuvuta kwenikweni.

Chomwe chinandigwira mtima ndi ichi. Mayiwo akuti safuna njira yopatsa chitsulo cholimba koposa tsiku limene zonse zayenda bwino. Amafuna njira yokhululuka, yoti ngakhale munthu aphonye moto pang'ono, chitsulo chituluke chabwinobe.

Ndinawapempha kuti ndiyese zomwezo pa masipuling'i akale a galimoto, omwe bambo amasulira zikwakwa. Ndapeza kuti m'madzi, moto ukangopitirira pang'ono, chitsulo chang'aluka. Koma mu oyilo wofunda, kenako n'kuchiwothetsanso moto wofatsa, chimapirira ngakhale diso litanama. Maso a bambo akadali okwana ntchitoyi. Madzi ndiwo alibe chisoni.

Pempho langa nali. Mukuwadziwa bambo athu, mukangotchula maso adzakhala chete mpaka mpunga kucha. Za maso musanene. Muwauze kuti mwana wawo uja wa manja a phala, monga amandinenera, wakanirira pa ntchito ya abwana, ndipo akufuna wosula weniweni amuyesere njirayi pa makala, poti ng'anjo zathu ndi zamagetsi. Si bodza ayi, pa makala sindinayese. Alamu apeze oyilo kwa a Jagarnath okonza njinga zamoto. Bambo asule zikwakwa zingapo, zina aviike m'madzi, zina mu oyilo, azimenyetse okha pachitsa. Adzanyoza kaye, ati za ana asukulu. Asiyeni anyoze, bola moto ayatse.

Moni kwa amayi, kwa alamu, kwa azakhali ndi kwa ana onse. Bambo muwagwire mapazi m'malo mwanga, powapatsa ulemu monga mwa mwambo wathu.

Tsiku lotsatira mwambowo, mukadzaona akuchotsa maluwa pa nyundo, mudzandiimbire. Musadzalankhule kanthu. Mudzangoika foni pafupi ndi chipala kuti ndimve nyundoyo ikulira.

Ndine mlongo wanu,
Tribhuvan