Ana Anga Akayamba Chizungu

Lolemba, 5 Meyi

Bukuli ndi langa. Dzanja ndi la mng'ono wanga, amene tonse timangomuti Aphunzitsi, poti maso anga achita nkhungu ndipo sukulu ndinalekeza Sitandade 3. Ndamuuza kuti alembe zomwe ndikunena, zake asunge.

Ana atatu. Woyamba, Nesi: nesi wamkulu, akalowa wodi yonse imakhala chete. Wachiwiri, Injiniya: milatho iwiri, yonse ikadali chilili. Chitsiriza: ku banki, mpando wozungulira, tayi ngakhale Loweruka. Onsewa ndinawaphunzitsa ndi sopo ndi simbi, zaka makumi atatu ndikuchapa ndi kusita ku hotela.

Dzulo anabwera onse atatu pamodzi. Palibe maliro, palibe ukwati. Chizindikiro choyamba chimenecho. Chachiwiri: nditangolowa kukhitchini, pabalaza Chichewa chinatha, Chizungu chinayamba. Ana anga akayamba Chizungu ndiye kuti kwagwa kanthu. Ndinamva ndi makutu angawa, kawiri konse, pakamwa pa Nesi: "rough patch".

Mmodzi mwa ana anga ali pamavuto ndipo akundibisira. Ndimupeza.

Tiyi wa lero wamchere. Wina wasinthanitsa mabotolo.

Lachitatu, 7 Meyi

Chizungu sindilankhula, koma mawu ake a mavuto ndimawadziwa monga mlimi adziwira mitambo. Ndinawaphunzirira kuseri kwa chitseko, ndipo lililonse ndinaliyeza kutalika kwake.

"Tight spot" ndi laling'ono. Linamveka Chitsiriza atagunditsa galimoto la mkulu wake pachipata. Milungu itatu, nkhani inatha. "Between jobs" ndi lokulirapo: Injiniya, chaka chija anabwerera kuno ndi chikwama chimodzi. Miyezi isanu ndi itatu. Aphunzitsi akuti tanthauzo lake ndi kukhala pakati pa ntchito ziwiri. Ine pomwe ndinkamuona panali pakati pa sofa ndi firiji.

Koma "rough patch" ndiye mkulu wa onse. Nesi ndi mwamuna wake, nthawi ija mkamwini ankagona m'galimoto. Chaka ndi theka. Lero akuyenda atagwirana manja ngati ana opita ku sukulu ya mkaka.

Ndafunsa Aphunzitsi kuti eni chinenerochi amachitiranji mawu ambirimbiri pa chinthu chimodzi. Akuti onsewo amanena vuto longodutsa, ngati kachigawo kokumbika pa msewu wabwino. Ndati ife timangoti zavuta, basi, munthu n'kumupatsa mpando ndi chakudya.

Ndamufunsanso ngati akudziwa mwini vutoli. Wayamba kufunafuna chotsekera cholembera. Chili m'dzanja lake lomwelo, ngakhale ine ndikuchiona.

Loweruka, 10 Meyi

Ndayamba ndi mkamwini, poti ali ndi mbiri.

Basi ya m'mawa, bulangete langa labwino lija m'chikwama. Ndinatsikira pa siteji yolakwika. Manambala a nyumba masiku ano akulemba ting'onoting'ono ngati nyerere. Ola lathunthu ndikuzungulira, mpaka mayi wogulitsa nthochi anandiperekeza pachipata.

Ndisanagogode ndinasuzumira m'galimoto. Pilo mulibe. Mswachi mulibe. Komabe munthu amachenjera akakula. Ndinamuitanira pambali mkamwini, n'kumupatsa bulangete: "Bambo, sungani ili. M'galimoto mumazizira." Analandira ndi manja awiri, mwaulemu, kukamwa kuli yasa.

Madzulo foni. Nesi. "Amayi, mwawauza chiyani bambo a kunyumba kuno? Akundifunsa ngati alakwa chinachake, mpaka atsuka mbale zoyera kale!"

Si iwowo. Bulangete lapita chabe.

Lachiwiri, 13 Meyi

Injiniya. Ndinafuna kuona ndi maso ngati tebulo lake likadalipo ku ofesi. Ndinatenga thireyi ya mazira, poti pa mavuto ndi zomwe amadya.

Anali pa msonkhano. Pakhomo panaima mtsikana wovala zofiira, ndinayesa kalaliki. Ndinamupatsa mazira kuti agwire, n'kumunong'oneza: "Mwanawe, akamuchotsa ntchito musamuchititse manyazi. Mungomuuza kuti sofa ya amayi ake ilipo." Mtsikanayo anaseka mpaka kutsamira khoma.

Injiniya potuluka, thukuta kamukamu. "Amayi, awa ndi abwana anga!"

Abwana akuti mwana wanga akumupatsa mlatho wachitatu. Mazira sanabweze.

Mpunga wapserera. Poto wachitatu mwezi uno. Mapoto a masiku ano ndi opyapyala. Bondo likadali lotupa chigwereni m'bafa muja, koma zimenezi ana asamve. Aphunzitsi akutsokomola. Ndamuuza amwe madzi, alembe.

Lachisanu, 16 Meyi

Watsala mmodzi, ndipo wabwera yekha ndisanafike ku banki. Akulu ake amuchenjeza, akuti abwana a kumeneko saseka.

Tayi alibe. M'manja tepi yoyezera. Wayeza bedi langa, wayeza kabati ya zovala, mulifupi ndi mulitali, n'kumalemba pa foni. Ndamufunsa, akuti akungofuna kudziwa. Munthu wa ku banki, Lachisanu masana, kungofuna kudziwa kabati?

Ndazindikira pompo. Ntchito yatha, nyumba amulanda, akuyeza malo oti aikepo katundu wake.

Ndamukhazika pansi. Ndamuwotchera mazira awiri otsala, limodzi lagwera pambali pa poto. Ndati: "Iwe, kwa amayi ako sungachite manyazi. Chipinda chako chilipo. Nyumba ino siithawa, ine ndilipo." Wandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako misozi, mwamuna wamkulu ndi ndevu zake. Akungoti, "Amayi inu. Amayi inu."

Ndamupeza. Milungu iwiri isanakwane, popanda Chizungu. Lemba ndi zilembo zazikulu kuti ndamupeza.

Aphunzitsi waika cholembera pansi. Akuti dzanja latopa.

Lamulungu, 18 Meyi

Aphunzitsi waulula tikuchokera ku tchalitchi, pa ngodya ya wosoka nsapato.

"Achemwali, rough patch ija ndi inuyo."

Za mchere ana akudziwa. Za mapoto akudziwa. Za m'bafa anadziwa tsiku lomwelo. Wowauza ndi mwini dzanja lomwe likulembali. Agwirizana kuti ndisamukire kwa Nesi, chipinda cham'mwamba, nyumba ino alowemo ena. Kabati ankaiyeza kuti aone ngati ikwera masitepe.

Zaka makumi anayi ndi chimodzi m'nyumba muno. Mtengo wa mandimu uli pakhomowu anabzala bambo awo, sabata yomwe Nesi anayamba kuyenda.

Basi. Tseka buku.

Lachinayi, 22 Meyi

Masiku awiri osalankhulana ndi Aphunzitsi. Koma dzanja lina ndilipeza kuti? Kazitape yemweyo ndamuitana.

Lachiwiri ndinamuuza abwere ndi buku lake lalikulu lomasulira mawu. Ndinati werenga pa "rough patch", usawonjezere, usachotsere. Anawerenga: nthawi yovuta, yosakhalitsa. Ndinati bwereza mawu omalizawo. Yosakhalitsa. Ndinati ikapo chala.

Tsono Nesi, pa nthawi yake ija, anagulitsa mwamuna? Ayi. Injiniya ali pa sofa, tinapereka nsapato zake za ku ntchito kwa ena? Ndinkazipukuta ndine Lolemba lililonse. Nanga ine andichotsa bwanji m'nyumba pa chinthu chomwe iwo eni, anthu ophunzira, anena kawiri kuti n'chongodutsa? Akanafuna lina akanasankha. Mawu ali nawo ambiri, ndinawalipirira sukulu.

Aphunzitsi anati, "Achemwali, chimadutsa ngati munthu akuyenda. Inu mwakhala pansi pakati pa msewu zaka ziwiri, kukana dokotala wa maso."

Pakamwa ngati lumo, kuyambira ali mwana. Koma dzulo tinapita. Dokotala akuti ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo amachotsa anthu ambirimbiri. Diso lamanzere pa 10 Juni, linalo pambuyo pake.

Mpeni m'diso. Ndikuopa. Apa lemba ndi tizilembo tating'ono.

Mpaka maso atsekuke, Aphunzitsi agona kuno pa sofa, azilawa tiyi ndi kuyang'anira mapoto. Akudandaula msana. Ndamuuza kuti chipumireni ntchito nayenso ali "between jobs", ndipo sofa imeneyi ndiyo ofesi yake. Waseka mpaka cholembera chagwa.

Tsopano tsegula tsamba loyera, ili ulitumize kwa onse atatu. Msonkhano wa banja: Loweruka pa 31 Meyi, 2 koloko masana, kuno kwanga, pansi pa mtengo wa mandimu. Chichewa chokhachokha, wolankhula Chizungu atsuka mapoto opserera aja. Nesi abwere ndi mankhwala a bondo. Chitsiriza abwere ndi tepi yake, ayeze khoma la m'bafa. Injiniya, mwini milatho iwiri, sangalephere kukhomapo chitsulo chimodzi chogwirira.

Mkamwini abweze bulangete langa. Aphunzitsi afunda chiyani?