Peyala wanga ndi chombo cha a Goodson

Lolemba, 6 Okutobala 2003
Ndine Zelipa wa ku Khonjeni, zaka akuti 74. Zilembo ndinaziphunzira ku sukulu ya kwacha imvi zili mbuu, ndiye cholembera chimayenda ngati nanzikambe.

A Goodson, amagetsi a ku fakitale ya tiyi, oyandikana nane nyumba, aimika chinthu ngati minga ya nsomba pansonga pa nsungwi. Akuti eriyo. Akuti kumwamba kumadutsa chombo muli anthu, ukachitumizira mawu pa wailesi ndi kompyuta chimakawagwetsera kutali. Ndapita kukamvera. Tsss! basi, ngati akukazinga ngumbi. Munthu wamkulu, wa tayi.

Lachitatu, 8 Okutobala
Zakanikanso. Dzana ananamizira batire, dzulo mitambo, lero peyala wanga. Akuti chombo chimadutsa chothamanga kuseri kwa mtengowo, masamba akumeza mawu. Ndati, "Bambo, mtengowu anabzala malemu amuna anga. Umamwa madzi, sunadyepo mawu a munthu."

Lachinayi, 9 Okutobala
Ngochenjera a Goodson. Abwera chipewa kumanja. "Amayi, Douglas wanu uja wa ku Joni analembako liti?" Mwana uja chipitireni, zii. Akuti ku Joniko aliko anzawo amawailesi, akaona uthenga akamufunafuna. Ngati Joni ndi msika wa Luchenza!

Ndaseka. Koma chakudya chakana kulowa.

Loweruka, 11 Okutobala
A Hadija a zitumbuwa akuti, "A Zelipa, mapeyala mumadya. Chombo mudzadya?" Akunena zoona. Komabe ndawauza a Goodson adule mtengowo.

Lachiwiri, 14 Okutobala
Mtengo uli pansi, tizipatso tanthete tili mbwee pabwalo. Dzuwa likulowa mpaka pamphasa.

Masana ndinanena mawu anga, iwo n'kutayipa. Tinadikira. Kenaka wailesi kwiii! pagalasi pa kompyuta patuluka zilembo. A Goodson kudumpha, tayi kumsana: "Zatheka! Zatheka!" Ndinati wayankha mwana wanga. Ndinasendera, kuwerenga ndi chala, chilembo chimodzichimodzi: DOUGLAS NDINE MAYI AKO.

Mawu anga omwe.

"Eya, amayi! Chombo chatimva, chatibwezera. Umboni wake ndi umenewo!"

Ndati, "Bambo, phiri limabweza mawu chikhalire, silinapemphepo nkhwangwa." Sanamve, anali akuitana akazi awo kuti adzaone.

Chombo chapita. Ndakhala pachitsa, chidakali chonyowa. Mawa akuti chombo chidutsanso, ndipo ndawauza a Goodson atayipe izi, asachotsepo kanthu:

Douglas, peyala wa abambo ako ndagwetsa chifukwa cha iwe. Anthu amawailesi akakupeza, lemba. Ngakhale mzere umodzi. Usafune wondiwerengera, ndidzawerenga ndekha.